Madzi a Shire, Chilwa ndi Chiuta sazizira, koma nyengo iliyonse ili ndi ngozi yake kwa osambira

Liwonde, Machinga: Mwezi wa Okutobala ukafika dzuwa limaswa mtengo m'maboma a Machinga ndi Balaka, ndipo ana ndi akulu omwe amathamangira kumtsinje wa Shire, kumadambo ndi kunyanja za Chilwa ndi Chiuta kukaziziritsa thupi. Koma miyezi yomwe madzi amakoma kwambiri kusambamo ndi yomwenso ng'ona zimalusa, tizilombo toyambitsa likodzo timachuluka, ndipo ikangotha madzi osefukira amakhala ali pakhomo.

Izi zikutanthauza kuti kufunda kwa madzi, komwe m'maiko ena ndiko kumauza anthu nthawi yoyenera kusambira, sikokwanira kutsogolera munthu wa m'maboma awiriwa.

M'maiko a ku Ulaya omwe ali m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Mediterranean, monga Spain, Italy ndi Greece, munthu wofuna kusambira amayamba wafunsa kuti madzi afunda motani. M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi madzi a m'magombe ambiri kumeneko amazizira kufika pa madigiri 14 kapena 15 pa muyeso wa Celsius. Munthu akalumphira m'madzi ozizira chotere amabanika, amapuma mwaphuma osatha kudziletsa, ndipo akhoza kumwa madzi ndi kumira ngakhale ali katswiri wosambira.

M'mwezi wa Ogasiti madzi omwewo amafunda kufika pakati pa madigiri 25 ndi 28. Ichi n'chifukwa chake alendo amadzaza m'magombe a kumeneko kuyambira Juni mpaka Okutobala, nyengo yozizira ikafika mahotela ambiri n'kutseka. M'magombe otchuka mumakhala alonda opulumutsa anthu omwe amakweza mbendera yobiriwira madzi akakhala abwino, yachikasu pofuna kuchenjeza, ndi yofiira poletsa kulowa m'madzi.

Kuno kwathu nkhani ndi ina. Madzi a mtsinje wa Shire m'mwezi wa Julayi, pomwe kuno kumazizira kwambiri, sasiyana kwenikweni ndi madzi a Mediterranean kumayambiriro kwa nyengo yawo yosambira. Palibe mwezi womwe kuzizira kwa madzi kumathamangitsa anthu kudooko, ndipo palibe mbendera yowachenjeza. Chomwe chimasintha ndi nyengo ndi zomwe zili m'madzimo komanso mphamvu ya madziwo.

Komwe Shire amatenga kufunda kwake

Mtsinje wa Shire, womwe ndi wotalika makilomita 402, ndi njira yokhayo yotulukira madzi a nyanja ya Malawi. Umayambira kumwera kwa nyanjayi m'boma la Mangochi, kudutsa m'nyanja ya Malombe, kenaka n'kutsika pakati pa Machinga kuvuma ndi Balaka kuzambwe mpaka pa Liwonde. Maboma awiriwa adali boma limodzi mpaka m'chaka cha 1998 pomwe Balaka adaima payekha.

Madzi omwe amadutsa pa Liwonde ndi apamwamba pa nyanja ya Malawi. Madzi apamwambawa amafunda pakati pa madigiri 24 ndi 29 pafupifupi chaka chonse, pomwe apansi penipeni, pamalo akuya mamita pafupifupi 700, amakhala pa madigiri 22.

Madzi ambiri chotere sasintha msanga. Mwala kapena mchenga umatentha dzuwa likangotuluka n'kuziziranso likangolowa, koma madzi amafuna kutentha kochuluka kuti afunde, ndipo akafunda amachedwa kuzizira. Kaamba ka ichi, nyanja imatsalira m'mbuyo mwa nyengo. Kumtunda kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, koma madzi a nyanja amafika pachimake pa kufunda m'miyezi ya dzinja, kuyambira Januwale mpaka Malichi. Zimenezi zimachitikanso ku Mediterranean, komwe madzi a mu Okutobala amakhala ofunda kuposa a mu Meyi.

Nyanja ya Malawi imazizirako m'miyezi ya mwera. Mphepoyi imaomba kuchokera kumwera chakuvuma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo imakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto. M'malo mwake, kumwera kwa nyanja kumatumphuka madzi ozizirirapo ochokera pansi. Madziwa ndi omwe amalowa mu Shire, n'chifukwa chake anthu a m'mphepete mwa mtsinjewu amamva kusintha posamba m'mawa wa mu Juni ndi Julayi.

Chilwa ndi Chiuta

Nyanja za Chilwa ndi Chiuta, zomwe zili kuvuma kwa boma la Machinga kumalire ndi dziko la Mozambique, ndi zosaya. M'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, choncho madzi ake amatsata nyengo ya tsikulo. Amazizira usiku ndi m'bandakucha, ndipo masana a chilimwe madzi a m'mphepete amatha kupitirira madigiri 30.

Nyanja ya Chiuta imatulutsa madzi ake kudzera m'nyanja ya Amaramba ndi mtsinje wa Lugenda ku Mozambique. Nyanja ya Chilwa, yomwe imakhudzanso maboma a Zomba ndi Phalombe, ilibe potulukira madzi. Madzi ake amachoka pouma ndi dzuwa basi, mchere n'kutsala, ndipo madzi akamaphwa mcherewo umachuluka. Nyanjayi idaphwa m'zaka za 1968 ndi 1995, ndipo idachepanso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Idalembedwanso m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar kaamba ka mbalame zake.

Kwa munthu wosambira, vuto la nyanja ziwirizi si kuya koma matope ndi zomera. Pansi pake pali thope lofewa lomwe limagwira miyendo, madzi ake ndi akuda moti munthu saona pomwe akuponda, ndipo m'mphepete muli njedza, mabango ndi udzu wa m'madzi zomwe zimakola manja ndi miyendo.

Meyi mpaka Ogasiti: mphepo ya mwera

M'miyezi imeneyi ana sakonda kwambiri kusambira chifukwa chotuluka m'madzi n'kukumana ndi mphepo yozizira. Ng'ona nazo zimatha nthawi yaitali zikuothera dzuwa pamchenga, ndipo sizidya kwambiri. Izi sizitanthauza kuti sizigwira munthu, koma kuti ukali wake umachepako.

Ngozi yaikulu ya nyengoyi imagwera asodzi ndi apaulendo wapamadzi. Mwera ukaomba pa nyanja zosaya monga Malombe, Chilwa ndi Chiuta umautsa mafunde afupiafupi otsatizana omwe amadzaza bwato m'kanthawi kochepa. Nthambi ya boma yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo imapereka machenjezo a mwera kudzera pawailesi ndi njira zina, ndipo msodzi wanzeru amawamvera asadakankhe bwato.

Munthu yemwe bwato lamugubudukira amazizidwa ngakhale madzi ali pa madigiri 23, chifukwa madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya. Akakhala m'madzi maola angapo, makamaka usiku mphepo ikuomba, manja amalefuka ndipo amalephera kugwira. Choyenera kuchita ndi kukakamira bwato logubuduzikalo kapena chinthu china choyandama, osati kuyesa kusambira mtunda wautali kupita kugombe.

Seputembala mpaka Novembala: ng'ona ndi likodzo

Iyi ndi nyengo yomwe anthu amafuna madzi kwambiri. M'chigwa cha Shire, ku Liwonde, Utale ndi madera ena a Balaka, masiku ena kumatentha kupitirira madigiri 35. Mitsinje ing'onoing'ono imaphwa n'kusiya maiwe, zitsime zimauma, ndipo anthu, ziweto ndi nyama zakutchire zimakumana pa madzi ochepa omwe atsala.

Ng'ona ndi nyama yomwe thupi lake limatsata kutentha kwa pamalo pomwe ili. Kukatentha imayenda kwambiri, imagaya chakudya msanga ndipo imasaka kawirikawiri. M'miyezi yomweyi ng'ona zazikazi zimakumba maenje mumchenga wa m'mphepete mwa mtsinje n'kuikira mazira oyambira 25 mpaka 80. Zimalondera maenjewo kwa miyezi pafupifupi itatu mpaka ana ataswa kumayambiriro kwa mvula, ndipo nthawi yonseyi zimalimbana ndi chilichonse choyandikira.

Mtsinje wa Shire pakati pa Malombe ndi Liwonde ndi amodzi mwa malo omwe kuli ng'ona ndi mvuu zambiri m'dziko muno. Chigawo chimenechi chili m'malo osungirako nyama a Liwonde National Park, omwe adakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 ndipo akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira mu 2015. Alendo obwera kumaloko amaona mtsinje ali m'maboti. Mpanda wa pakiyi umatchinga njovu ndi nyama zina zapamtunda, koma ng'ona ndi mvuu zimayenda ndi mtsinje ndipo zimapezeka m'madooko a kunja kwa paki.

Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha anthu. Ikaona kuti pamalo ena pamafika munthu kudzachapa kapena kudzatunga madzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, imabisala pomwepo. Nthawi yoopsa kwambiri ndi m'bandakucha, chisisira ndi usiku. Kutaya matumbo a nsomba kapena zotsala za nyama padooko kumaziitana.

Mvuu sidya nyama, koma imateteza malo ake ndi ana ake mwaukali. Imakhala m'madzi masana n'kutuluka usiku kukadya msipu, ndipo munthu wopezeka pakati pa mvuu ndi madzi m'mamawa amakhala pachiswe. Mu Meyi 2023 mvuu idagubuduza bwato lodzaza anthu pamtsinje womwewu m'boma la Nsanje, ndipo anthu adataya miyoyo.

Mdani wina wa nyengoyi saoneka ndi maso. Likodzo limayamba ndi nyongolotsi zing'onozing'ono zomwe zimakulira m'nkhono za m'madzi odikha kapena oyenda pang'onopang'ono, momwe muli udzu, mabango kapena namasupuni. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsizi amaswa ndi kulowa m'nkhono. Pakapita milungu ingapo, nkhono imayamba kutulutsa tizilombo tambirimbiri tomwe timaboola khungu la munthu yemwe akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kuoka mpunga.

Madzi akafunda tizilomboti timakula msanga m'nkhono, ndipo maiwe akachepa nkhono ndi anthu amaunjikana pamalo amodzi. Tizilombo ta likodzo la m'chikhodzodzo timatuluka kwambiri dzuwa likakwera, cha kumasana, nthawi yomwe ana oweruka kusukulu amalumphira m'madzi. Apa pakuoneka vuto lomwe anthu a m'mphepete mwa Shire ali nalo: wothawa ng'ona posamba masana amakumana ndi likodzo, wothawa likodzo posamba m'mawa amakumana ndi ng'ona.

Chizindikiro chodziwika cha likodzo ndi magazi mumkodzo, makamaka pomaliza kukodza. M'madera ena anthu amayesa kuti ndi chizindikiro cha kukula kwa mnyamata, koma ndi matenda. Likakhalitsa limachepetsa magazi m'thupi, limafooketsa mwana m'kalasi, limaononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo kwa amayi limadzetsa zilonda m'njira yoberekera. Likodzo la m'matumbo, lomwe limaononga chiwindi, lidapezekanso m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ku Mangochi akatswiri atapeza nkhono zomwe zimalifalitsa m'chaka cha 2017.

Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, omwe amapezeka m'zipatala ndipo Unduna wa Zaumoyo umawapereka kwa ana m'sukulu pa makampeni. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, choncho mlendo yemwe wasamba m'madzi okayikitsa amalangizidwa kuyezetsa ndi kulandira mankhwala patapita milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Mankhwalawa si katemera, ndipo munthu akabwerera m'madzi omwewo amatenganso matendawa.

Disembala mpaka Malichi: madzi osefukira ndi kolera

Mvula ikayamba madzi amakhala ofunda kwambiri, koma amada ndi matope ndipo amathamanga. Mitsinje monga Rivirivi ku Balaka, Likwenu ndi Lisanjala ku Machinga, yomwe m'chilimwe munthu amaoloka osavula nsapato, imadzaza mwadzidzidzi. Rivirivi amachokera kumapiri a m'boma la Ntcheu, choncho akhoza kusefukira ku Balaka kumwamba kulibe ndi mtambo womwe. Ana opita kusukulu ndi anthu ochokera kumunda ndi omwe amakokoloka kawirikawiri poyesa kuoloka.

Madzi othamanga ofika m'mawondo ndi okwanira kugwetsa munthu wamkulu. Amanyamula zitsa, nthambi ndi milu ya namasupuni, ndipo amakumba maenje pamalo pomwe dzulo lake padali posaya. Madzi akasefukira ng'ona zimatuluka mumtsinje waukulu n'kulowa m'madambo, m'ngalande ndi m'minda momwe anthu saziyembekezera. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adaonetsa momwe madzi amasinthira malo odziwika m'chigawo cha kumwera m'masiku ochepa chabe.

Mphezi nayo ndi ya nyengo imeneyi. Munthu yemwe ali m'madzi kapena m'bwato pabwalo la nyanja amakhala chinthu chotalika kuposa zonse pamalopo, choncho bingu likangomveka ayenera kutuluka m'madzi.

Mvula imakokolola zonyansa za kutchire ndi za m'zimbudzi zogumuka kupita m'mitsinje. Mliri wa kolera wa zaka za 2022 ndi 2023, womwe udali waukulu koposa m'mbiri ya dziko lino, udayamba ndi wodwala yemwe adapezeka pachipatala cha boma la Machinga kumayambiriro kwa Malichi 2022. Panyanja ya Chilwa matendawa akhala akubuka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, omwe amamwa, kusamba ndi kudzithandiza m'madzi amodzi. Mu 2016 asodziwa adalandira katemera wakumwa wa kolera mliri utabuka kumeneko. Wosambira m'madzi otere sangapewe kumeza pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo n'pokwanira kudwalitsa.

Epulo ndi Meyi: Shire amakhala adakali wodzaza

Anthu ambiri amaganiza kuti mvula ikatha ngozi yatha. Izi ndi zoona pa mitsinje ing'onoing'ono, koma osati pa Shire. Nyanja ya Malawi imapitiriza kulandira madzi ochokera m'mitsinje ya kumpoto kwa dziko lino ndi ku Tanzania, komwe mvula imachedwa kusiya, ndipo imafika pachimake pa kudzaza mu Epulo kapena Meyi. Imatsika pang'onopang'ono mpaka Novembala kapena Disembala.

Kuchuluka kwa madzi odutsa pa Liwonde kumadaliranso Kamuzu Barrage, yomwe idamangidwa m'chaka cha 1965 pofuna kuongolera madzi opita kumakina opangira magetsi ku Nkula, komanso pambuyo pake ku Tedzani ndi Kapichira. Zitseko za barajiyi zikatsekulidwa, madzi a kumunsi kwake amakwera ndi kuthamanga ngakhale kusadagwe mvula. Mu 2024 nyanja ya Malawi idakwera kwambiri moti nyumba ndi malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi adalowa madzi, ndipo madzi otulutsidwa pa barajiyi adaonjezeredwa. Pafupi ndi zitseko madzi amazungulira ndi kukokera pansi, choncho si malo osambirapo kapena kuyandikirapo ndi bwato mwezi uliwonse.

Zomwe mabanja ndi midzi ingachite

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organisation lidati anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi m'chaka cha 2021, ndipo ana ndi achinyamata ndiwo adali ambiri. Chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo poyerekeza imfazi ndi chiwerengero cha anthu. M'chaka chomwecho bungwe la United Nations lidakhazikitsa 25 Julayi kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira.

Anthu ambiri a ku Machinga ndi Balaka sapita kumadzi kukasangalala. Amapita kukatunga, kukachapa, kukawedza ndi kukathirira mbewu, choncho kuwauza kuti asayandikire mtsinje sikungathandize pomwe palibe mjigo kapena mpopi. Komabe pali njira zochepetsera ngozi.

Kutunga madzi ndi ndowa n'kukasambira kutali ndi gombe kumateteza ku ng'ona. Madzi otungidwawo akasungidwa masiku awiri m'chiwiya chopanda nkhono, kapena akawiritsidwa n'kuzizira, tizilombo ta likodzo timafa. Madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Midzi ingathe kuzika mpanda wa mitengo yolimba m'madzi mozungulira dooko, kulambula mabango ndi udzu pamalopo, ndi kuuza a nthambi yoona za nyama zakutchire ng'ona ikayamba kuonekera pafupi ndi anthu. Kumanga ndi kugwiritsa ntchito zimbudzi kumadula njira ya likodzo ndi kolera pamodzi.

Mwana wamng'ono amamira mwakachetechete, m'madzi osafika ndi m'chiuno momwe, ndipo samakuwa monga ambiri amaganizira. Maenje otsala pokumba dothi la njerwa, zitsime zosavundikira ndi ngalande za m'minda ya mpunga ndi zoopsa ngati mtsinje. Mwana asasiyidwe m'manja mwa mwana mnzake pafupi ndi madzi. Kwa akulu, mowa ndi madzi siziyendera limodzi.

Munthu akamamira, womupulumutsa asalumphire m'madzi ngati sadaphunzire ntchitoyo, chifukwa womirayo amakakamira ndi kumiza onse awiri. Ndi bwino kumupatsira mtengo wautali, chingwe kapena chitenje uli pamtunda, kapena kumuponyera chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chomwe chimayandamitsa munthu wamkulu. Akavuulidwa asazondotsedwe pofuna kumukhutula madzi. Ngati sakupuma, apumiridwe mpweya m'kamwa ndi kupsinjidwa pachifuwa, ndipo aliyense yemwe wavuulidwa atamwa madzi apite naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Kwa alendo ofika ku Liwonde, malo oyenera kusambira ndi madamu osambiramo a m'malo ogona alendo omwe madzi ake amathiridwa mankhwala. Opitirira ulendo kukasambira kunyanja ya Malawi asankhe gombe lamchenga lopanda mabango, afunse eni dera za ng'ona ndi mvuu, apewe masiku a mwera, ndipo akumbukire kuyezetsa likodzo akabwerera kwawo.

Akuluakulu adati mtsinje wa tinkanena udathera mu siizi. Madzi a Shire, Chilwa ndi Chiuta adzakhala ofunda mwezi uliwonse pachaka, choncho asadalole mwana kupita kudooko, kholo liyambe laona kuti ndi mwezi wanji, ndi nthawi yanji, ndipo apita ndi yani.